Alendo a Wani Koloko

Ndinanyamuka kupita ku Mangalande udzu usanamere bwino pa manda a mkazi wanga. Achibale ena ankati ndikuthawa chisoni, ena ankati munthu wa imvi sayamba ulendo wotero. Sindinawatsutse, pakuti mwina onsewo ankanena zoona. Ndinali nditagwira zaka zambiri pa chipatala cha mishoni, kusambitsa ndi kudyetsa odwala, ndipo mnzanga wina wa kutchalitchi anandiuza kuti ku Leicester akufuna manja otere. Ana anga awiri anali akadali pasukulu. Ndinagulitsa njinga, ndinatsanzika kumpingo, n'kukwera ndege koyamba m'moyo wanga nditafumbatira Baibulo ngati pali wina wofuna kundilanda.

Lero ndili ku Chirimba, kwa mwana wanga wamkazi. Ndinamusiya akuopa kuwoloka msewu wa phula, ndinamupeza akuyendetsa galimoto ndi dzanja limodzi kwinaku akukalipira munthu pafoni. Adzukulu akamandifunsa za kunja amafuna ndiwauze za chipale chofewa ndi masitolo okhala ndi masitepe oyenda okha. Ndimawauza. Koma ndikakhala ndekha, chimene chimandibwerera ndi kanyimbo ka piyano kotalika mphindi imodzi ndi theka, ndi nkhalamba ina ya ku Spinney Hill imene ndinatsala pang'ono kuichotsetsa m'nyumba mwake.

Ndinkakhala ku Highfields, m'nyumba zogundana zija zimene ukayetsemula woyandikana naye amamva. Chipinda cha pansi munkagona a Tembo, bambo wa ku Chipata amene anali atakhalitsa. Iwowo ndiwo anandiphunzitsa kuvala majuzi awiri mkati mwa jekete, kuwerenga nthawi za mabasi, ndi kutseka pakamwa. Sabata yoyamba ndinkapereka moni kwa aliyense pa siteji ya basi. Mayi wina anasuntha chikwama chake kuchoka mbali yanga.

“Ba mudala,” anatero a Tembo akuseka mpaka kutsokomola, “manje mufuna atiitanire apolisi? Kuno munthu akakupatsa moni ndiye kuti afuna ndudu, olo afuna kukutembenuza chipembedzo. Yang'anani chabe nsapato zanu.”

Ntchito yathu tinkaitcha keya. Sitinkakhala pamalo amodzi. Tinkayenda nyumba ndi nyumba kwa okalamba amene akukhala okha. Ukalowa unkadina pafoni kuti ofesi idziwe, potuluka unkadinanso, ndipo pakati pake unkalemba zimene waona: wadya, sanadye, wamwa mankhwala, wakwiya. Nyumba iliyonse inali ndi mphindi zake zoyezedwa ngati mchere wa pamsika.

Pafupifupi m'nyumba zonsezo, masana, TV inkakhala ikuyankhula. Okalamba ankaonera masewero akalekale opitirira tsiku ndi tsiku, amene anayamba iwo akadali ndi mano awo. Nkhani zake sizinkandikomera. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo m'masewerowo ukwati unkatha msanga kuposa sopo. Koma chiyambi chake chinkandidabwitsa. Sewero lililonse linali ndi khomo lake lolowera, losasintha: kanyimbo komweko, zithunzi zomwezo, mayina akudutsa pansi. Lina linkayamba ndi kalata ikugwera pa mphasa ya pakhomo. Lina ndi zithunzi za banja zitandandalikidwa patebulo, kanema n'kumaziyendera chimodzichimodzi. Ndinkadzifunsa kuti, anthu ochenjera chonchi, osunga nthawi chonchi, n'chifukwa chiyani amalola kuonetsedwa chinthu chimodzimodzi tsiku lililonse kwa zaka makumi? Kwathu, m'mavidiyo a ku Ndirande amene ndinkalowamo ndisanatembenuke mtima, mayina akangoyamba anthu ankakuwa kuti, “Thamangitsa, sitinalipirire zowerenga!” Choncho ine ndinakula ndikudziwa kuti chiyambi cha kanema ndi gaga, ufa uli kutsogolo.

A Hanifu ndinapatsidwa m'nyengo yozizira. Pa pepala analemba kuti ndi bambo wachimwenye, Msilamu, wamasiye, mutu wayamba kuiwala, ndipo Chingerezi chikuwathawa. Tsiku loyamba ndinagwada kuti ndiwaveke silipasi, imodzi n'kukana kulowa. Ndinadandaula ndekha chapansipansi kuti, “Koma nsapato iyinso ndiye yamakani.”

“Si nsapato yamakani,” anatero mawu pamwamba pa mutu wanga. “Mwendowo ndi wa kumanzere.”

Ndinakhala pansi ndithu, pa kapeti pomwepo. Chinali Chichewa cha m'sitolo, chakale, chokhota pang'ono, koma Chichewa. Anabadwira ku Luchenza kumene bambo awo ankagulitsa nsalu ndi palafini. Anabwera ku Leicester atangokwatira, n'kugwira ntchito m'fakitale ya masokosi mpaka msana unapindika. Tsopano mutu unali kubweza zinthu zimene unabwereka iwo atakula, n'kusunga za ubwana zokha. Sankadziwa tsiku, koma ankadziwa mtengo wa kachere umene unali kuseri kwa sitolo. Ankanditcha achimwene. Tsiku lina anandifunsa ngati ndili ndi mkazi, ndipo nditawauza, anangogwedeza mutu n'kuloza mpando wa nsalu yobiriwira umene sunkakhalidwa ndi munthu.

“Akazi anganso anapita, a Zubeda,” anatero.

Mwana wawo, Nasrini, ankagwira ntchito yogulitsa mankhwala ndipo ankabwera Lachisanu. Chichewa ankamva, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana ambiri obadwira kumeneko. Anali mayi wotopa, wachilungamo, wokonda bambo ake mwa njira ya anthu amene amawerenga chilichonse cholembedwa. Anandiuza poyera kuti bambo akhala m'nyumba yawo malinga ngati akudya ndipo sakudzivulaza. Zikasintha, kuli nyumba yosungirako okalamba imene anali ataiona kale.

Ndinkafika kumeneko wani koloko isanakwane. Nthawi ikakwana, sewero lawo linkayamba lokha pa TV, ine ndili kukhitchini kutenthetsa mpunga ndi mphodza zimene Nasrini ankasiya m'timabakuli. Ndinkamva kapiyano, kenaka chitoliro chikulowerera, ndi mawu a nkhalamba ikung'ung'udza. Ndinkati ndi ukalamba. Nthawi zina ndinkasuzumira pakhomo n'kuona zidutswa zake. Kukucha m'katauni kena. Chitseko chachitsulo cha sitolo chikukwera. Bambo wovala epuloni akusesa pakhonde, atembenuka, avula chipewa. Mayi wonenepa pawindo atanyamula tiipoti, atembenuka, amwetulira. Dokotala pa njinga. Kenaka mkazi wa tsitsi lofiira, amene m'seweromo anali atapasula mabanja atatu, akuyang'ana chocheuka. Pomaliza belu la pachitseko, ngiri. Ndikabwera ndi mbale, a Hanifu ankadya zonse, maso ali pa TV, osatsala ndi kambewu.

Kenaka wailesi ya kanema inasiya kuonetsa sewerolo. Nasrini sanagone. Anapeza magawo ake onse pa intaneti, anawalumikiza ku TV, n'kundionetsa podina pa rimoti. Tsopano linali dzanja langa loyambitsa sewero, ndiponso dzanja langa lozimitsa ndisanatuluke, chifukwa a Hanifu akasiyidwa ndi rimoti ankaiyika mu firiji.

Apa ndi pamene ndinaona kabokosi koyera pakona ya kanema, kotuluka kanyimbo kakangoyamba, kouza munthu kuti akhoza kudumpha chiyambi. Ndinasangalala ngati ndatola chinthu. Ndikachoka kwa a Hanifu ndinkayenera kukwera basi ya ku Beaumont Leys, kumene mayi wina wa shuga ankandidikira ndi mankhwala ake, ndipo basiyo ndinkaipeza mothamanga, nthawi zina n'kuiona msana wokha. Mphindi imodzi ndi theka inali chuma. Ndinayamba kubweretsa mbale kaye, kenaka kuyatsa, kenaka kudina kabokosiko. Anthu a m'sewero ankangotulukira ali pakati pa mkangano m'khitchini mwawo. Ndinaphunzitsanso nzeru imeneyi mtsikana wa ku Romania amene ankandilowa m'malo Lachinayi, ndipo anandithokoza.

Tsiku loyamba a Hanifu anayang'ana TV, anayang'ana ine.

“Ndani awa?”

“Ndi anthu anu aja, bambo. Idyani.”

Anadya theka. Mawa lake anakankha mbale. Sabata isanathe anayamba kukuwa kuti, “Atulutseni! Alowa bwanji?” Tsiku lina anaponya kapu, n'kuphwanyikira pakhoma pafupi ndi chithunzi cha mzinda woyera wa Maka. Ine ndinatola zidutswa zake, n'kulemba pafoni moona mtima: wakana chakudya, wakwiya, waponya kapu. Ndinalemba zotero masiku ambiri. Ndinawapempherera m'basi. Ndinaganiza za mano, za m'mimba, za mankhwala atsopano. Dokotala anabwera, anawayeza, sanapeze kanthu, anati matendawa amatero, amatsika ngati masitepe. Lamba wa buluku lawo ndinamuboola bowo lina. Sizinandifikire n'komwe m'mutu kuti ndiyang'ane chala changa.

Patapita masabata atatu Nasrini anandiimbira. Anati malo apezeka ku nyumba ya okalamba ija, ndipo Lachisanu abwera ndi fomu yoti asaine. Anandithokoza chifukwa cholemba zonse mosabisa. Anati zolemba zanga ndizo zamuthandiza kutsimikiza mtima.

Lachitatu la sabata imeneyo mabatire a rimoti anali atafooka. Ndinayatsa sewero, ndinadina kabokosi, sikanamve. Kapiyano kanayamba. Ndikulimbana ndi rimoti, kuimenya pachikhatho, ndinaona pambali a Hanifu akudzuka pa mtsamiro. Anawongola msana. Anakonza kapu yawo yoyera ya kumutu. Chitseko cha sitolo chinakwera, bambo wa tsache anayamba kutembenuka, ndipo a Hanifu anakweza dzanja lamanja, pakamwa patatseguka kale.

Pomwepo rimoti inamva. Chithunzi chinadumpha. Anthu awiri anali kutukwanana pa masitepe.

Dzanja lija linatsala m'mwamba. Sindikudziwa kuti linakhala nthawi yaitali bwanji. Kenaka linatsika pang'onopang'ono, n'kukagona pabondo, ndipo nkhalamba inatembenukira kukhoma. Ndinabweza sewero poyambira, koma iwo sanacheukenso. Ndinawaitana, achimwene, bambo, a Hanifu. Anatseka maso.

Madzulo ake ndinawafotokozera a Tembo tikumenya mazira kukhitchini. Anasiya foloko.

“Ndiye munali kusikipa moni wa mudala?”

“Masabata atatu.”

“Imwe, mkulu wa mpingo, amene munafuna kupatsa moni basi yonse?” Anaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga. “Manje mverani. Lekani chabe kusikipa, ziii. Mudala azachira, palibe azadziwa.”

“Mawa ndi Lachinayi, sindipitako. Lachisanu mwana akusaina.”

“Ndiye muuzeni kuti mwapeza nzeru yatsopano. Osati kuti munalakwa. Mukakamba kuti ni imwe, azakauza ofesi. Ofesi ndiyo inagwira viza yanu, ba mudala. Ana anu azadya chilungamo?”

Sanali kunena zopusa. A Tembo anali ataona anthu akubwezedwa kwawo pa zifukwa zochepa kuposa ichi. Ndinalingalira njira yawo ija, ndipo inkaoneka yoyera ndithu. Koma ndinkamudziwa Nasrini. Masabata atatu a zolemba zanga anali m'foni mwake, mawu a dokotala anali m'makutu mwake. Ndikanati ndapeza kanzeru, akanamwetulira mwaulemu n'kusaina. Chimene chikanagwetsa zolembazo n'chimodzi chokha: kuti amene anazilemba anene kuti matendawo anali iyeyo. Ndinatumiza uthenga kwa mtsikana wa ku Romania kuti asadinenso kabokosi. Anayankha Lachinayi madzulo kuti nkhalamba yakana ngakhale kutuluka kuchipinda.

Lachisanu ndinapeza Nasrini atakhala patebulo, fomu ili patsogolo, cholembera chili pamwamba pake. Masutikesi awiri anali m'khonde. A Hanifu anali pa mpando wawo, atavekedwa malaya oyera a mapemphero a Ijumaa, akuyang'ana pansi.

Ndinamuuza ndili chiimire. Ndinayamba m'Chingerezi, chinandithera, ndinamalizira m'Chichewa. Ndinanena za basi, za kabokosi, za dzanja.

“Masabata atatu,” anatero m'Chingerezi, mawu ali pansi. “Bambo anga aonda chonchi chifukwa cha basi yanu?”

“Inde, mayi.”

“Mukudziwa kuti ndiyenera kuuza ofesi?”

“Ndikudziwa. Ndikungopempha mphindi imodzi ndi theka musanasaine. Zikakanika, sainani.”

Sanagwire cholembera. Ndinatenthetsa chakudya, ndinachiyika pa katebulo, ndinaika mabatire atsopano amene ndinagula pa sitolo ya pakona. Mumtima ndinati, Ambuye, nkhalambayi si ya mpingo wanga koma ndi yanu. Ndinayatsa, n'kuika rimoti pansi, patali ndi ine.

Kapiyano kanayamba. A Hanifu sanasunthe. Kabokosi koyera kanatuluka pakona, kakudikira. Chitoliro chinalowa, chitseko cha sitolo chinayamba kukwera, iwo ali chiweramire, ndipo ine ndinati zatha, ndachedwa. Bambo wa tsache anatembenuka, anavula chipewa kwa munthu wosamuyang'ana.

Mayi wa tiipoti ndiye anawadzutsa. Mutu unakwera.

“Mayi Tiyi,” anatero, mawu osasa. “Mwaswera bwanji?” Dzanja linakwera, linafika pachifuwa. “A Dokotala, moni, moni. Njingayo idzakugwetsani.” Mkazi wa tsitsi lofiira atacheuka, nkhalamba inamuloza ndi chala. “Iwe Namiseche, ndakuona. Ukhale bwino lero.”

Belu linalira, ngiri. A Hanifu anatembenukira ku mpando wobiriwira uja n'kunena mokweza, “Afika!”

Nasrini anagwira pakamwa. Anati amayi ake ndiwo ankakuwa mawu amenewo, kuitana bambo kuti adzuke atagona pochokera kufakitale. Iye anali ataiwala. Ankaganiza kuti makolo ake amangokonda sewero.

Ndinagwada pafupi ndi mpando. Chidwi chinandigwira kuposa mantha.

“Bambo, anthu amenewa ndi ndani kwa inu?”

Anandiyang'ana ngati ndafunsa dzina la mayi anga.

“Achimwene, awa ndiwo anatilandira kuno. Msewu wonsewu panalibe wotiyang'ana kumaso. A Zubeda ankalira tsiku lililonse, ati tibwerere ku Luchenza. Koma awa, wani koloko, amatembenuka, amatiseka. Chipewa amavula.” Anakwinya nkhope. “Masiku apitawa kunabwera ena ofanana nawo. Opanda odi. Kungolowa, n'kuyamba kutukwanana m'nyumba mwanga. Inu mungadye pamaso pa anthu otero?”

“Sindingadye, bambo.”

“Ehe.” Anayang'ana mbale, anayang'ana TV. “Nanga alendowa mwawapatsa chiyani?”

“Akudikira inu. Mwininyumba asanalawe, mlendo satambasula dzanja.”

Anaganizira mawuwo, n'kuona kuti ndi olondola. Anati bisimila, anatola supuni. Ine ndi Nasrini tinamvetsera supuni ikugunda mbale, mpaka inayamba kukanda pansi.

Nasrini anauzadi ofesi, monga ananenera. A ku ofesi anandiitana, anandikhazika pamaso pa manijala wamng'ono kwa mwana wanga, anandipatsa kalata ya chenjezo imene inakhala m'faelo yanga mpaka tsiku limene ndinachoka m'dzikomo. A Tembo anati ndili ndi mwayi wa mfiti. Koma Nasrini yemweyo anakana kuti andisinthe, ndipo anawauza kuti awonjezere mphindi zisanu pa nthawi ya masana ya bambo ake. Fomu ija sanaing'ambe. Anaiyika m'kabati, anati tione mwezi umodzi. Masutikesi tinakweza limodzi kuchipinda cha pamwamba.

Mwezi unatha, unatha wina. A Hanifu anakhala m'nyumba yawo nyengo zozizira zina ziwiri. Mayina a anthu enieni anapitirira kuwathawa, langa, kenaka la mwana wawo, koma a Tsache, Mayi Tiyi, a Dokotala ndi Namiseche sanaphonyepo moni ngakhale tsiku limodzi. Atamwalira, amuna a kumzikiti anawanyamula kuwatulutsa pa khomo lawolawo, ndipo ine, Mkhristu mmodzi yekha pa msewu wonsewo, anandipatsa malo kuti ndigwireko pa phewa mpaka pa galimoto.